Masamba anayi a m'mawa: Chrome, Firefox ndi Edge pa laputopu ya kopaletivi ku Kasungu

Ndine mlembi wa kopaletivi ya alimi a soya ndi mtedza yomwe ili ndi kaofesi m'tauni ya Kasungu, ndipo mamembala athu ambiri amachokera ku Santhe, ku Lisasadzi ndi ku Chamama. Ntchito yanga ya m'mawa siisinthasintha. Ndisanatsegule chitseko cha nyumba yosungiramo matumba, ndiyenera kudziwa zimene ogula a ku Lilongwe alemba usiku, mauthenga amene atsogoleri a makalabu atumiza, mtengo wa dola pa tsikulo, ndiponso zimene akatswiri a zanyengo akunena za mvula, pakuti mtedza woyanikidwa pabwalo sudikira kuti mlembi amalize kumwa tiyi. Zinthu zinayizi zili pa masamba anayi osiyana a pa intaneti, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkalemba adiresi ya tsamba lililonse ndi zala m'mawa uliwonse, ngati munthu wotunga madzi ndi kapu pamene ndowa ili pambali pake. Ndemanga ino ndi ya kanthu kamodzi kamene mapulogalamu otsegulira intaneti, amene tonse timangowatcha kuti browser, amatha kuchita, ndiko kutsegula masamba angapo nthawi imodzi munthu akangoyatsa pulogalamuyo. Kanthu kameneka ndakayesa pa Chrome, pa Firefox ndi pa Edge kwa nyengo yathunthu ya malonda, kuyambira pokolola mpaka pogula feteleza.

Ndiyambe ndafotokoza zida zimene ndinayesera, chifukwa ndemanga yolembedwa ndi munthu wa mu ofesi ya ku City Centre ku Lilongwe, komwe intaneti imabwera pa chingwe ndipo palibe amene amaiwerengera, singathandize kwenikweni munthu wa kuno. Laputopu yathu ndi yakaunjika, ili ndi RAM (malo amene makina amasungamo zimene akugwira pa nthawiyo) ya 4 GB ndipo imayendera Windows 10. Intaneti timaitenga pa hotspot ya foni, kutanthauza kuti foni imagawira laputopu intaneti yake, ndipo bandulo imagulidwa ndi ndalama za mamembala, kutanthauza kuti ikatha msanga, a msungichuma amabwera ndi kope lawo kudzafunsa kuti yapita kuti. Laputopuyo sindiigwiritsa ntchito ndekha. A msungichuma amaitsegula Lachisanu lililonse, ndipo a wapampando amapempha kuti awerengeredwe makalata akabwera ku tauni. Zinthu zitatuzi, makina ofooka, intaneti yowerengeredwa ndi manja ambiri pa kiyibodi imodzi, ndizo sikelo imene ndayezera mapulogalamu atatuwa.

Luso lotsegula masamba angapo si lachilendo. Firefox, yomwe inatuluka mu Novembala 2004, inali ndi ma tab, omwe ndi masamba angapo otsegulidwa pa zenera limodzi, kuyambira pachiyambi, ndipo Internet Explorer 7 ya mu 2006 inkalola munthu kulemba maadiresi angapo, iliyonse pa mzere wake, m'kabokosi ka Internet Options. Chrome inabwera mu Seputembala 2008, pamene Edge imene tikugwiritsa ntchito lero inamangidwanso mu Januwale 2020 pa maziko omwewo a Chromium amene Chrome inamangidwapo. N'chifukwa chake Chrome ndi Edge zimafanana ngati ana a mimba imodzi, ndipo Firefox ndi imene ili ndi khalidwe lakelake.

Ndinayamba ndi Chrome chifukwa ndiyo inali kale pa laputopu. Njira yake ndi yosavuta ngakhale kwa munthu amene Chingerezi cha makompyuta chimamuvuta. Mukadina timadontho titatu tili pamwamba kudzanja lamanja, mumasankha Settings, kenako "On startup", ndipo pamenepo pali zosankha zitatu: "Open the New Tab page", "Continue where you left off" ndi "Open a specific page or set of pages". Chachitatuchi ndicho chathu. Pansi pake pamabwera mawu awiri, "Add a new page" olembera adiresi imodzi imodzi, ndi "Use current pages" amene amangotenga masamba onse omwe mwatsegula pa nthawiyo n'kuwasunga monga momwe alili. Ine ndinatsata njira yachiwiriyi: ndinatsegula Gmail, WhatsApp Web, tsamba la Reserve Bank of Malawi ndi la nthambi ya boma yoona zanyengo, ndinawakoka ndi mausi kuti akhale mu ndondomeko imene ndimawawerengera, kenako ndinadina kamodzi. Chimene ndinayamikira n'chakuti Chrome imaonetsa mndandanda wa masambawo poyera, dzina ndi adiresi yake, ndipo pambali pa lililonse pali timadontho tochotsera kapena kukonzera. Munthu akafuna kuchotsa tsamba limodzi sakhudza enawo. Pa mfundo yokhayi ya kuyala zinthu poonekera, Chrome ndinaipatsa malikisi okwera.

Koma pali msampha umene unandigwira sabata yoyamba, ndipo ndauona ukugwiranso anzanga a m'maofesi oyandikana nafe. Mu Chrome, masamba otseguka poyatsa ndi chinthu china, batani la kanyumba lotchedwa Home ndi chinthu chinanso. Batanilo limayatsidwa pa Appearance, pamene pali mawu oti "Show home button", ndipo limangolandira adiresi imodzi yokha. Tsiku lina, dzuwa lili pamutu, ndinatseka tsamba la Reserve Bank mosadziwa, ndipo mlimi wina wa fodya amene anali atangogulitsa mabelo ake ku okushoni ya Chinkhoma anaima pakhomo kufunsa kuti dola ili pa zingati. Ndinadina kanyumba poganiza kuti masamba onse anayi abwerera, koma panabwera limodzi lokha. Kuti onse abwerere ndinayenera kutseka Chrome yonse ndi kuiyatsanso, ndipo Gmail ndi WhatsApp Web zinayambanso kudzitsegula kuchokera pachiyambi, bandulo ikudyeka. Ndinaphunzira pambuyo pake kuti kukanikiza Ctrl, Shift ndi T pamodzi kumabweza tsamba limene latsekedwa kumene, koma mlimiyo anali atadikira kale nthawi yokwanira kusenda mbale ya mtedza. Funso la dola, ndinene apa, lakhala la tsiku ndi tsiku kuchokera mu Novembala 2023 pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Fodya amagulitsidwa m'madola, feteleza amatsatira dola, ndipo mlimi amene kale sankafunsa za zimenezi lero amafunsa asanapereke moni.

Chosankha chachiwiri chija, "Continue where you left off", chimaoneka chokoma kuposa zonse munthu akachiwerenga, chifukwa chimabweza chilichonse chimene chinali chotsegula dzulo. Ndinachiyesa kwa masabata awiri, ndipo ndinachisiya tsiku limodzi lomwe sindidzaliiwala. Lachinayi madzulo, anthu onse atapita, ndinakhala ndikuwerenga tsamba la malonda a ntchito, osati chifukwa ndinkafuna kuchoka, koma chifukwa munthu amafuna kudziwa kuti anzake akulandira zingati kunjaku. Ndinatseka laputopu n'kupita kunyumba. M'mawa mwake a msungichuma anaiyatsa a wapampando atakhala pambali pawo, ndipo chimene chinadzaza sikirini si akaunti ya kopaletivi ayi, koma ntchito ya ukalaliki ku kampani ina ya ku Kanengo. Nditalowa, a wapampando anavula magalasi awo n'kundifunsa mofatsa kuti, "A Mlembi, kodi mwaganiza zotisiya soya ali m'munda?" Ndinafotokoza, iwo anaseka, koma nkhaniyo inafika mpaka ku msonkhano wa komiti. Pulogalamuyo sinalakwe kanthu, inachita zimene ndinaiuza. Chimene ndinazindikira n'chakuti chosankhachi sichibweza masamba okha; chimasunganso chilolezo cholowera pa masamba ambiri, moti tsamba limene likanafunsanso pasiwedi browser itatsekedwa limatha kutseguka munthu ali mkati kale. Pa kompyuta ya munthu mmodzi zimenezo ndi chithandizo, koma pa kompyuta yogwiridwa ndi anthu atatu n'chimodzimodzi kusiya kiyi pachitseko. Mndandanda wokhazikika wa masamba osankhidwa ndi umene ukuyenera ofesi ngati yathu, chifukwa aliyense woyatsa laputopu amapeza zomwezo, ndipo zadzulo zimatsala dzulo.

Firefox ndinaiika mwezi wachiwiri, ndipo poyamba inandikwiyitsa. Malo ake ali pa Settings, kenako Home, pamene pali mawu oti "Homepage and new windows". Mukasankha "Custom URLs" pamabwera kabokosi kamodzi kokha kopyapyala. Maadiresi onse amalowa m'kabokosi komweko pa mzere umodzi, olekanitsidwa ndi kamzere koimirira aka |, kopanda mpata kutsogolo kapena kumbuyo. Kamzere kameneka ndinakasaka pa kiyibodi ngati singano yogwera mumchenga. Malaputopu a kaunjika amabwera ndi makiyibodi osiyana: pa a ku America kali pamwamba pa batani la Enter, pamene pa a ku Britain kali pafupi ndi Shift ya kumanzere, pambali pa chilembo cha Z, ndipo konseko muyenera kugwira Shift kuti katuluke. Mwamwayi, pansi pa kabokosiko pali batani la "Use Current Pages" lomwe limalemba zonsezo lokha, ndipo ndikulangiza aliyense kuti adzere pamenepo. Vuto limabwera pofuna kuchotsa tsamba limodzi pakati pa anayi, chifukwa kabokosiko sikaonetsa mzere wonse. Mumayenda ndi kamuvi pang'onopang'ono mukusamala kuti musafufute kamzere kolakwika, apo ayi maadiresi awiri amalumikizana n'kukhala adiresi imodzi yosapita kulikonse. Pa kaonekedwe ka malo okonzera, Firefox ili kumbuyo kwa anzake awiri aja, ndipo sindibisa.

Komabe ndi Firefox yomweyi imene inakhala pa laputopu yathu mpaka lero, pa zifukwa zimene sizioneka tsiku loyamba. Mu Firefox, masamba a poyatsa ndi masamba a batani la Home ndi amodzi omwewo. Ndikakanikiza Alt ndi Home, onse anayi amabwerera nthawi ina iliyonse popanda kutseka pulogalamu, ngakhale kuti loyamba limalowa m'malo mwa tsamba limene ndinali kuwerenga, choncho ndimayamba ndatsegula tab yopanda kanthu. Phindu la zimenezi limaoneka m'mawa umene ndayatsa laputopu hotspot isanagwire, zomwe zimachitika kawirikawiri netiweki ikamavuta kapena foni ikakhala kuti yagona yopanda moto chifukwa magetsi anazima usiku. Pamenepo masamba onse anayi amatseguka ndi uthenga woti palibe intaneti, ndipo netiweki ikabwera ndimangokanikiza mabatani awiri aja. Chachiwiri, pa Privacy & Security pali malo otchedwa Autoplay pomwe munthu amasankha "Block Audio and Video", ndipo makanema a pa masamba a nkhani amaleka kudziyambitsa okha. Kwa munthu amene bandulo yake imalembedwa m'kope la a msungichuma, kamodzi kameneka n'kokwanira kukhululukira kabokosi kopyapyala kaja. Chachitatu, ngati munthu wasankha kuti Firefox ibweze zadzulo kudzera pa "Open previous windows and tabs", imangoonetsa mayina a masambawo pamwamba ndipo siitsegula tsamba mpaka mutalidina, kotero ngakhale atakhala khumi, amene akudya intaneti ndi lokhalo limene mukuliyang'ana.

Mawu aja oti "Homepage and new windows" ayenera kuwerengedwa mpaka kumapeto, chifukwa ali ndi mbola kumchira. Mu Firefox, zenera latsopano lililonse limatsegulanso masamba onse a mndandanda. A msungichuma ali ndi chizolowezi chokanikiza Ctrl ndi N akafuna tsamba lina, m'malo mwa Ctrl ndi T, ndipo tsiku lina ndinapeza mazenera atatu, lililonse lili ndi Gmail yake, WhatsApp Web ikudandaula kuti yatsegulidwa kale pa zenera lina, laputopu ikupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo pa chitunda. Chrome ndi Edge sizichita zimenezi. Zenera lachiwiri limabwera ndi tab imodzi yatsopano basi. Mankhwala ake anali kapepala kamene ndinamata pambali pa sikirini, kolembedwa chilembo cha T chachikulu.

Za Edge ndinena mwachidule, chifukwa zambiri zimene ndanena za Chrome zikuikhudzanso. Malo ake ali pa Settings, pa gawo loyamba ndi mawu oti "Start, home", ndipo ngakhale mawu a zosankhazo amasinthasintha pulogalamuyo ikakonzedwanso, tanthauzo lake ndi lomwe lija: tab yatsopano, zadzulo, kapena masamba osankhidwa. Ubwino wake waukulu kwa ife ndi wakuti imabwera kale ndi Windows 10 ndi Windows 11, choncho palibe bandulo yoonongeka poikopera. Ilinso ndi luso lotchedwa sleeping tabs, logoneka masamba amene simunawakhudze kwa nthawi kuti asamalemetse makina, ndipo pa laputopu ya 4 GB kusiyana kwake kumamveka ngakhale pa phokoso la fani. Chimene munthu ayenera kukonza tsiku loyamba ndi tsamba lake la tab yatsopano, lomwe limabwera lodzaza ndi nkhani ndi zithunzi za kunja. Zimazimitsidwa pa kagudumu kali pakona ya tsambalo, ndipo zikazimitsidwa Edge imakhala yofatsa. Munthu amene wangogula laputopu ndipo safuna kuikamo china chilichonse sangalakwe kukhala nayo.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ndikuiona kuti ndi yaikulu kuposa kusiyana kwa mapulogalamuwa, ndiyo chiwerengero cha masamba. Nditaona kuti zinthu zikutseguka zokha, mtima wa dyera unandilowa. Ndinaonjeza Facebook, YouTube, manyuzipepala awiri a m'dziko muno, ndi Msonkho Online ya Malawi Revenue Authority, mpaka masamba anakwana asanu ndi anayi. Chimene sindinaganizire n'chakuti browser siidziwa kuti ndi tsamba liti limene mukulifuna lero. Imawaitana onse nthawi imodzi, ndipo onse amapanikizana pa kanjira kamodzi ka hotspot ngati anthu olimbirana khomo la minibasi pa depoti. Gmail, imene ndinkaifuna poyamba, inkachedwa kuposa kale chifukwa inali kugawana kanjirako ndi zithunzi za ukwati wa munthu amene sindimudziwa n'komwe. Choipa kwambiri, laputopu simangoyatsidwa kamodzi patsiku. Magetsi akazima batire lathu lokalambalo silichedwa kugonja, ndipo kuyatsa kulikonse kunali kuitananso masamba asanu ndi anayi aja. Bandulo imene inkatifikitsa kumapeto a sabata inayamba kutha Lachitatu. A msungichuma sanakalipe, anangotsegula kope lawo, n'kuloza ndi cholembera madeti awiri oyandikana, n'kunena kuti, "A Mlembi, izi mukafotokoze nokha kwa mamembala." Madzulo omwewo ndinabwerera ku masamba anayi.

Lamulo limene ndinadziikira kuchokera tsikulo ndi lakuti tsamba lilowe pa mndandanda wa poyatsa pokhapokha ngati ndimaliwerenga tsiku lililonse ntchito isanayambe. Msonkho Online ndimaifuna masiku ochepa pamwezi, choncho ilibe malo pamenepo. Masamba oterowo ndinawaika mu foda ya ma bookmark, omwe ndi maadiresi osungidwa mu browser: mukatsegula onse amene amayendera limodzi n'kukanikiza Ctrl, Shift ndi D, browser imawasunga mu foda imodzi, ndipo tsiku lowafuna mumadina fodayo ndi batani la kumanja la mausi n'kusankha kuti atseguke onse. Njirayi imagwira pa mapulogalamu onse atatu, ndipo kunena zoona, kwa munthu amene intaneti yake ndi yochepa kwambiri, ndi yabwino kuposa masamba a poyatsa, chifukwa palibe chimene chimatseguka iye asanalamule. Ndili ndi foda ya kumapeto a mwezi ndi foda ya nyengo ya fodya, ndipo zonse zimagona mpaka nthawi yake. Ndinauzanso Windows kuti hotspot yathu ndi "metered connection", kutanthauza intaneti yowerengeredwa. Zimenezi zimachepetsa zimene Windows imakopera payokha kumbuyo, ngakhale sizikhudza masamba amene browser yauzidwa kutsegula. Mu Chrome mulinso Memory Saver, pa gawo la Performance, imene inabwera kumapeto a 2022, koma munthu asaisokoneze ndi kusunga bandulo: imapepuza makina pogoneka tsamba, ndipo mukalidinanso limayenera kutsegukanso.

Pa masamba anga anayi, la WhatsApp Web ndilo lofuna chisamaliro. Limakhala lolumikizidwa ndi foni ya kopaletivi, ndipo aliyense woyatsa laputopu amaona mauthenga onse popanda kufunsidwa kanthu. Ife tinagwirizana kuti zimenezi n'zovomerezeka chifukwa nambalayo ndi ya ntchito, koma sindingalangize munthu kuika nambala yake ya kunyumba pa mndandanda wa kompyuta ya gulu. Dziwaninso kuti foniyo ikakhala masiku opitirira 14 osagwiritsidwa ntchito, kulumikizanako kumaduka ndipo tsambalo limangoonetsa kabokosi kojambula ndi kamera, zimene zinatichitikira pamene foni ya ofesi inakhala m'kabati nthawi ya tchuthi cha Khirisimasi.

Pali chochitika china chimene chinandiphunzitsa kuti malo amenewa a "On startup" ndi oyenera kuwayendera nthawi ndi nthawi ngati mmene munthu amayendera nkhokwe kuona ngati anankafumbwe alowa. Fani ya laputopu itayamba kulira, ndinaipereka kwa wokonza makompyuta wina m'tauni muno. Anaikonza bwino, ndipo mwa kukoma mtima kwake anaikamo timapulogalamu taulere tingapo tomwe sindinapemphe. Kuyambira tsiku limenelo, ndikayatsa Chrome, m'malo mwa masamba anga pankatseguka tsamba la kubetcha mpira, lowala ngati sitolo ya pa Khirisimasi. Ndinapita pa mndandanda uja, koma tsambalo panalibe. Ndinagwiritsa ntchito "Reset settings", imene imabweza masamba a poyatsa ndi makina osakira mmene zinalili pachiyambi ndi kuzimitsa ma extension (timapulogalamu toonjezera mu browser) popanda kufufuta ma bookmark kapena mapasiwedi, koma m'mawa mwake alendo aja analipobe. Amene anandipulumutsa ndi mwana wa mlongo wanga, yemwe akuphunzira za makompyuta ndipo anabwera kudzatenga thumba la chimanga. Anadina kachizindikiro ka Chrome ka pa desktop ndi batani la kumanja, anasankha Properties, n'kundionetsa mzere wotchedwa Target. Kumapeto kwa mzerewo, pambuyo pa dzina la pulogalamu, panali patalembedwa adiresi ya tsamba lobetchalo. "Amalume, mbava siinalowere pakhomo, inaboola kuseri," anatero uku akufufuta. Anandiuzanso kuti ndikadzaona mawu oti "Managed by your organization" pa kompyuta imene siili pansi pa kampani iliyonse, kapena ndikadzapeza kuti zosankha za poyatsa zatuwa ndipo sizikudinika, ndidziwe kuti pali pulogalamu ina imene yalanda ulamuliro, ndipo iyenera kuchotsedwa kaye. Wokonza uja sindinamusungire chakukhosi, koma tsopano ndikapereka laputopu ndimanena poyera kuti akonze chokhacho chimene ndabweretsera.

Pakona ya ofesi yathu pali kompyuta ina yaikulu ya pa tebulo yomwe ikuyenderabe Windows 7, ndipo ndikudziwa kuti makina otere adakali ambiri m'masukulu ndi m'maofesi ang'onoang'ono a boma lino. Luso la masamba angapo limagwira ntchito pamenepo monga mwa masiku onse, koma Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020, pa makina otere Chrome ndi Edge zinaima pa nambala 109 kumayambiriro a 2023, ndipo Firefox inaima pa mtundu wa 115. Pa kompyuta imeneyo ndinangoika tsamba la zanyengo ndi la mtengo wa dola, zinthu zosafuna pasiwedi, ndipo makalata ndi za ndalama sizifikako. Nayo Windows 10 ya laputopu yathu nthawi yake yosamalidwa mwa masiku onse inatha pa 14 Okutobala 2025, nkhani imene ndaiika kale pa ndondomeko ya msonkhano wa komiti. Amene amagwira ntchito pa foni yokha asavutike kusaka zimene ndafotokozazi, chifukwa Chrome ya pa Android imangolola tsamba limodzi la Homepage, ndipo ma tab amangokhala pomwe munawasiya.

Wina akandifunsa kuti asankhe iti, ndimayamba ndamufunsa kuti kompyutayo amaigwira ndani ndipo bandulo amalipira ndani. Mphunzitsi amene ali ndi laputopu yakeyake ndipo amafuna kuona mndandanda wake poyera adzakhutira ndi Chrome. Wa sitolo ya zipangizo zaulimi amene wangogula makina ndipo alibe nthawi yoikamo zina akhale ndi Edge, azimitse nkhani za pa tab yatsopano, apitirize ntchito. Ife a kopaletivi tinakhazikika pa Firefox, ngakhale kabokosi kake ndi kopanikiza ndipo Ctrl ndi N imatibweretsera alendo, chifukwa imabweza masamba athu onse netiweki ikabwerera ndipo imatseka pakamwa makanema osaitanidwa. Ndondomeko yake ndi iyi: Gmail kumanzere, WhatsApp Web pambali pake, kenako Reserve Bank, ndipo zanyengo kumapeto, kuti Ctrl ndi 3 indifikitse pa dola mlimi asanamalize kuimika njinga yake. Mvula ikadzatha mu Epulo ndidzachotsa tsamba la zanyengo n'kuikapo la mitengo ya mbewu, ndipo a msungichuma apempha kale kuti tsiku limenelo ndidzawaonetse pamene kamzere koimirira kaja kali pa kiyibodi yathu.